Rumba ya ku Congo: inacokera kuti, nanga inalowa bwanji m'kwaya zathu?

Pa Sabata la masika caka cino, pa parishi ina ya kumudzi m'cigawo ca Kum'mawa panabuka mkangano umene mpaka lero ukali kufuka utsi. Nthawi ya copereka itakwana, azimai ananyamuka ndi malicero a nshawa ndi cimanga pamutu, ana a Stella ali patsogolo monga mwa masiku onse. Nyimbo inali yomwe ija tiidziwa tonse, mau ake osasintha ngakhale amodzi. Koma itafika pakati, mnyamata woliza kiyibodi anadina kabatani, ndipo pansi pa nyimboyo panayamba kuthamanga kagitala kakuthwa, kobwereza-bwereza, kosalola munthu kuima cilili. Mzere wa copereka unasanduka gule. Ena anasekerera, ena anazyolika.

Misa itatha, pansi pa mtengo wa mango panali mlandu. Akulu-akulu a bungwe la parishi anati izi ndi za ku bawa, za ku Zaire, ndipo siziyenera kulowa m'nyumba ya Mulungu. Acinyamata anati umu ndi mmene kwaya iliyonse ya m'tauni iimbira masiku ano, ndipo ngati parishi siwafuna, iwo adzapita kumene afunidwa. Mau amenewa ndiwo anandiopsa, pakuti kwaya ya pa parishipo yacepa kale. Cimene cinandiseketsa ndi cakuti mkulu amene anakwiya koposa onse ndi yemwe uja tidziwa kuti pa unyamata wake ku Migodi sanali kuphonya dansi ikalira nyimbo ya Franco.

Mwa onsewo panalibe amene anafunsa kuti kodi kagitala kameneka kanacokera kuti, ndipo anakabweretsa ndani. Mlandu sauweruza osadziwa makolo a woimbidwa mlandu, motero tiyeni tiyambe pamenepo.

Inapita pa combo, inabwerera pa mbale

Zaka mazana apitawo, anthu ambiri a mu ufumu wa Kongo, kufupi ndi kumene mtsinje wa Congo uthira m'nyanja yaikulu, anagwidwa ukapolo natengedwa pa zombo kupita ku maiko a tsidya lija. Ambiri anakatsitsidwa pa cisumbu ca Cuba kuti akalime nzimbe. Katundu sanatenge, koma kaombedwe ka ng'oma kanali m'mutu. Kumeneko kanakumana ndi gitala ndi cinenero ca Asipanishi, ndipo munabadwa nyimbo za mitundu-mitundu. Anthu a ku Congo amati ngakhale dzina loti rumba linacokera ku liu la Cikongo loti nkumba, kutanthauza mcombo, limene linali dzina la gule wakale wobvina mwamuna ndi mkazi moyandikizana.

Mu 1933 kampani ya ku England ya His Master's Voice inayamba kutulutsa mbale za galamafoni za nyimbo za ku Cuba zogulitsa mu Africa. Mbalezo zinali ndi malembo akuti GV ndi nambala, ndipo anthu anali kungozichula kuti ma GV. Zitafika ku Léopoldville, umene lero ndi Kinshasa, ndi ku Brazzaville, mizinda iwiri yopenyana pa mtsinje umodzi, anthu sanazimve ngati zacilendo. Zinali ngati mwana wa mlongo wako amene anakulira kutali: cinenero simumvana, koma kayendedwe ndi ka kwanu. Oimba oyamba anayesa kutsanzira mau a Cisipanishi osadziwa ngakhale tanthauzo lake. Posacedwa anawataya nayamba kuimba m'Cilingala, cinenero ca anthu a pa mtsinje ndi ca asilikali. Zimene ku Cuba anali kuliza pa piyano ndi malipenga, iwo anaziika pa gitala, namaikodola monga mmene munthu akodolera kalimba.

Léopoldville wa nthawi imeneyo anali ngati makomboni a ku Migodi kwathu: amuna a mitundu yosiyana-siyana, obwera kudzagwira nchito, ambiri osiya akazi kumudzi, okhala ndi kandalama kumapeto kwa mwezi koma opanda bwalo la gule wa kwao. Bawa ndiyo inakhala bwalo. Ici tisacibise. Akulu a parishi aja sananame ponena kuti nyimboyi inakulira ku bawa.

Mwini sitolo ndiye anali mwini nyimbo

Rumba inali malonda kuyambira tsiku loyamba. Amene anatsegula nyumba zoyamba zojambuliramo nyimbo ku Léopoldville sanali oimba ai, anali amalonda acilendo, makamaka Agiriki. Nicolas Jeronimidis anatsegula ya Ngoma mu 1948. Kenaka kunabwera ya Opika, ndipo mu 1950 a banja la Papadimitriou, amene anali ndi masitolo a nsalu, anatsegula ya Loningisa. Anaona kuti munthu amene wagula galamafoni adzafuna mbale zatsopano mwezi uliwonse, ndipo adzafuna zoimbidwa m'cinenero cake.

Mlimi wa thonje adzamvetsa msanga mmene zinali kuyendera. Kampani ipereka mbeu ndi mankhwala pa ngongole, iwe ulima, ndipo pokolola ugulitsa kwa yemweyo pa mtengo umene wanena iye. Woimba naye anali kupatsidwa gitala, suti, mwina njinga ndi kamalipiro, koma nyimbo ikajambulidwa inali ya mwini sitolo. Ambiri mwa amene anasangalatsa Africa yense anakalamba ali amphawi.

Nyimbo yoyamba kugwedeza dziko inali "Marie-Louise" ya Wendo Kolosoy, amene anali kugwira nchito pa zombo za mumtsinje, ndipo anaijambula ndi Henri Bowane mu 1948. Inachuka kwambiri kotero kuti kunamveka mphekesera yakuti ikalizidwa pakati pa usiku idzutsa akufa. Zimasimbidwa kuti akulu a mpingo wa Katolika a nthawi imeneyo anaidzudzula kolimba, ndipo Wendo anabvutika ndi aboma mpaka kucoka mumzinda kwa kanthawi. Zotsatira zake aliyense angazilote: mbale zinagulidwa koposa kale. Tsono mkangano wa pansi pa mango uja si watsopano. Unayamba agogo athu akali anyamata.

Koma pali mbali ina imene akulu athu saidziwa. Munthu amene achedwa tate wa rumba yamakono, Joseph Kabasele, wodziwika kuti Grand Kallé, anaphunzira kuimba m'kwaya ya Akatolika, ndipo amalume ake anali wansembe Joseph Malula, amene mu 1969 anakhala Kadinala. Kabasele anayambitsa gulu la African Jazz mu 1953. Mu 1960, pamene atsogoleri a Congo anali ku Brussels kukambirana za ufulu wa dziko lao, gululi linali komweko ndipo linaimba "Indépendance Cha Cha", nyimbo yochula maina a atsogoleriwo, kuphatikizapo Lumumba, Kasa-Vubu ndi Tshombe. Congo inalandira ufulu pa 30 June 1960, ife tinatsatira pa 24 October 1964, ndipo m'zaka za pakatipo nyimboyo inamveka m'maiko ambiri amene anali kuyembekeza tsiku lao. Motero kaimbidwe kosalala, kogwirizanitsa mau a anthu awiri kapena atatu, kamene timva mu rumba, kali ndi fungo la kwaya. Bawa inabwereka ku chalichi, chalichi isanabwereke ku bawa.

Franco ndi sebene

Wina anali François Luambo, Franco amene, wobadwa mu 1938. Atate ake anamwalira iye akali mwana, ndipo anayamba kuliza gitala yodzipangira pafupi ndi pamene amai ake anali kugulitsa malonda pa msika. Analowa ku Loningisa ali mnyamata wa zaka 15, ndipo mu 1956 iye ndi anzake anayambitsa gulu la OK Jazz, dzina locokera ku bawa imene anali kuimbiramo, OK Bar. Ngati Kabasele, ndi ana ake m'nyimbo Tabu Ley ndi Docteur Nico, anali oimbira anthu a tayi, Franco anali wa amai a pa msika ndi oyendetsa malole. Nyimbo zake zinali milandu ya m'komboni: ngongole, mitala, nsanje, apongozi, bwana wakuba. "Mario" ya mu 1985 isimba za mnyamata wophunzira amene safuna nchito koma kudyera mzimai wacikulire wa ndalama. Ife kuno mau sitinali kuwamva, ndipo ici ndi cinthu cacisoni pang'ono, cifukwa tinabvina maulaliki ambiri osadziwa kuti tikudzudzulidwa.

Kagitala kaja kanasokoneza copereka kali ndi dzina lake. Akachula sebene. Nyimbo ya rumba yeniyeni ili ndi zigawo ziwiri. Coyamba ndi cozizira: woimba afotokoza nkhani yake, obvina agwirana mwaulemu nayenda pang'ono-pang'ono. Nkhani ikatha, ng'oma zisintha, oimba akhala cete kapena kungoponya mau amodzi-amodzi, ndipo magitala atenga bwalo. Imodzi iyenda pamwamba ndi mau akuthwa, ina igwira pansi osasuntha, yacitatu iluka pakati pa ziwirizo, ndipo ya besi idumpha-dumpha ngati ng'oma yaikulu. Zonse zibwereza kacigawo kamodzi kafupi, kusintha pang'ono cabe, monga mmene azimai atatu asinjira mumtondo umodzi, misi yosagundana. Pa mbale zazing'ono za m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, kawiri-kawiri mbali yoyamba inali nkhani, ndipo ukaitembenuza upeza sebene. Eni mabawa anadziwa msanga mbali imene ibweretsa ludzu.

Mu December 1969 anyamata a sukulu a ku Kinshasa anayambitsa gulu la Zaïko Langa Langa, mmene munali Papa Wemba. Iwo anataya malipenga, nafulumizitsa ng'oma ndi kaombedwe kochedwa cavacha, kamene akuti woomba ng'oma wao anakatenga ku kulira kwa magudumu a sitima ya pamtunda. Mu 1982 anaonjezanso anthu ochedwa atalaku, amene nchito yao ndi kukuwa ndi kulamula obvina nthawi ya sebene. Kukuwa kwa atalaku kumene mumva m'nyimbo za ku Congo, ndi kumene anyamata oliza zimbale pa maukwati athu atsanzira, kunayambira pamenepo.

Mu 1971 Mobutu anasintha dzina la dziko kukhala Zaire, ndipo caka cotsatira analamula anthu kutaya maina a ubatizo. Kadinala Malula anatsutsa, ndipo anakakhala ku Rome miyezi ingapo mu 1972. Oimba anagonja: Rochereau anakhala Tabu Ley, Franco anakhala Luambo Makiadi. Franco anadya bwino ndi boma limenelo, anamanga malo ake a dansi ochedwa Un-Deux-Trois, ndipo mu 1984 anaimba nyimbo yaitali yokopera Mobutu mavoti pa cisankho cimene panalibe wopikisana naye. Anaimbanso nyimbo yotsatsa malonda a galimoto za Volkswagen, yochedwa "Azda", imene anthu a maiko ena anaibvina poganiza kuti ndi ya cikondi. Komabe boma lomwelo linam'tsekera m'ndende mu 1978 cifukwa ca nyimbo ziwiri zotukwana. Ndipo munthu yemweyo mu 1987 anatulutsa "Attention na SIDA", kucenjeza anthu za Edzi pa nthawi imene ambiri anali kuopa ngakhale kuichula. Ndi caka comweco cimene a Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wao anamwalira ndi matendawa. Franco anamwalira ku Belgium pa 12 October 1989, patangopita miyezi inai Kadinala Malula atamwalira, ndipo Zaire inalira maliro ake masiku anai.

Mmene inaolokera malire

Kwa ife nyimboyi sinafunike pasipoti. Tayang'anani mapu: dziko la Congo lilowa pakati pa Zambia ngati mphanda, kotero kuti wocoka ku Mufulira kupita ku Mansa adutsa m'dziko la eni pa Mokambo. Alamba, Alunda ndi olankhula Cibemba ali mbali zonse ziwiri za malire, ndipo migodi ya ku Katanga ndi yathu ikumba mwala umodzi. Rumba ya ku Kinshasa isanafike, ku Katanga kunali kale akatswiri a gitala youma, yopanda magetsi. Wamkulu wao anali Jean Bosco Mwenda, amene Hugh Tracey anam'jambula mu 1952 akuimba "Masanga". Kalizidwe kameneko kanali kofala m'makomboni a ku Kitwe ndi Luanshya monga momwe kanalili ku Likasi.

Cina cinali wailesi. Mu 1949 kunabwera kawailesi kochipa ka batire kooneka ngati poto, kochedwa Saucepan Special, kamene kanapangidwira anthu akuda a cigawo cino ca Africa kuti azimvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka, kumene Alick Nkhata anachukira. Koma wailesi ilibe mpanda. Munthu akapotoza pang'ono usiku anali kugwira Congo. Ndipo amuna a ku Petauke, Katete ndi Chipata amene anapita ku Migodi anali kubwerera kumudzi ndi njinga, jekete ndi galamafoni yopukusa. Pa ukwati, cimtali cikatha, anyamata anali kuzungulira galamafoniyo mpaka singano zitatha.

Oimba eni ake anabweranso. Magulu a ku Zaire anali kuimba m'mahotela ndi m'mabawa a ku Ndola, Kitwe ndi Lusaka, ena kukhala miyezi, ena kukwatira konkuno. Kwa ambiri Zambia inali pokwerera. Gulu limene linadzachuka ku Nairobi ndi dzina loti Super Mazembe linadzera kuno, ndipo la Real Sounds linacoka kuno kupita ku Zimbabwe. Mwana wathu Nashil Pichen Kazembe anakhala zaka zambiri ku Nairobi, kuimba ndi Peter Tsotsi ndi oimba a ku Kenya ndi ku Zaire. Nyimbo yake ya m'Cinyanja, "A Phiri Anabwera", yonena za mchona wobwerera kumudzi cimanja-manja, ndi umboni wakuti magitala a mtundu umenewu angathe kunyamula nkhani yathu m'cinenero cathu, munthu n'kubvina uku mtima ukuwawa.

Pakati pa zaka za m'ma 1970, a Kaunda analamula kuti pafupi-fupi nyimbo zonse zolira pa wailesi ya boma zikhale za oimba a mu Zambia. Lamuloli linathandiza. Kampani ya Teal ku Ndola inali kusindikiza mbale konkuno, Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour anajambulitsa magulu ambiri, ndipo anachuka a WITCH, Paul Ngozi ndi Rikki Ililonga. Pambuyo pake kunabwera nyengo ya kalindula: Amayenge, Serenje Kalindula, Masasu, Shalawambe ndi P.K. Chishala, amene nayenso anakwiyitsa ena a mipingo ndi nyimbo yake "Ba Pastor". Kalindula ndi wathu, wocokera ku Luapula, ndipo tisalole wina kutiuza kuti ndi rumba yobvala cigamba. Koma Luapula ndi mtsinje wa pa malire, ndipo pamene kalindula anacoka pa babatoni kupita pa magitala a magetsi, anyamata amene anawagwira anali atakula akumva Franco ndi Nico. Khutu limva cibale.

Kunena zoona, lamulo la a Kaunda silinaithamangitse rumba. Linangoicotsa pa wailesi, koma m'mabawa ndi m'nyumba inatsalamo. Ndipo cimene cinafooketsa oimba athu pomaliza si Azaire ai, koma kugwa kwa cuma, makaseti okopera mwakuba amene anadzaza misika, ndi matenda amene anatenga oimba ambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990.

Nkhani inadulidwa, panatsala ciuno

Mtengo wa mkuwa utagwa ca m'ma 1975, Zaire inabvutika monga ife, mwinanso kuposa. Oimba anabalalika: ena ku Nairobi ndi Dar es Salaam, ena ku Abidjan, ambiri ku Brussels ndi Paris. Ku Paris zinthu zinasintha. Nyumba yojambuliramo nyimbo ilipiritsa pa ola, ndipo ogula ambiri, azungu ndi anthu a maiko ena a mu Africa, Cilingala sacimva. Nanga nkhani yaitali ya poyamba ija ndi ya ciani? Kanda Bongo Man, amene anafika ku Paris mu 1979, ndi anzake monga woliza gitala Diblo Dibala ndi Aurlus Mabélé, anaifupikitsa kapena kuidula ndithu, nayamba ndi sebene kuyambira pa ciyambi. Iyi ndiyo azungu anaigulitsa ndi dzina loti soukous, ndipo ife tinaidziwa ndi dzina la gule wake, kwasa kwasa. Amene munali acinyamata ca m'ma 1990 mukumbuka Pépé Kallé, cimphona cija, ndi mnzake wamfupi Emoro, ndiponso Tshala Muana, wobadwira ku Lubumbashi, ndi gule wa kwao ku Kasai wochedwa mutuashi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera ndombolo, ya Wenge Musica, JB Mpiana, Werrason, Koffi Olomide ndi Awilo Longomba. Iyi inafika pamodzi ndi vidiyo, motero anthu sanali kungomva koma kuonanso. M'tinyumba toonetsera mafilimu pa misika ya m'maboma, ana a sukulu anaphunzira kudula ciuno asanaphunzire kulemba kalata. Ngakhale ku Congo komweko, mu 2005 aboma analetsa mavidiyo ena a ndombolo pa wailesi ya kanema ati ndi olaula.

Kodi munadzifunsapo cifukwa cake nyimbo za ku Congo za masiku ano zidzaza ndi maina a anthu? Popeza makaseti ndi zimbale zokopera zinapha malonda, oimba anapeza munda wina. Munthu wa ndalama, wamalonda kapena wandale, alipira kuti dzina lake lichulidwe m'nyimbo. Mwambo umenewu auchula mabanga, kutanthauza miyala, monga kuti woimba akuponyera mwala. Makampani a mowa wa Primus ndi Skol naonso anali kulemba magulu akulu-akulu kuti aziwatsatsira malonda. Ndiye mukamva mwana wanu akukuwa maina amenewo pobwera ku dimba, dziwani kuti akutsatsa malonda a munthu amene sanam'lipire.

Pali cinanso cimene cikomekome ca mkuyu cibisa. Atsikana obvina m'magulu amenewa ndiwo akopa anthu, koma ndiwo alandira zocepa ndi kuzunzika koposa. Mu July 2016 Koffi Olomide anajambulidwa pa bwalo la ndege ku Nairobi akuponyera cidendene mmodzi wa obvina ake. Kenya inam'thamangitsa, ndipo kuno kwathu a bungwe lokonza cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda ku Lusaka anafafaniza dansi imene anayenera kudzaimba pa cionetseroco. Alimi amene anapita ku Showgrounds caka cimeneco anaona ng'ombe ndi mathirakitala, Koffi sanamuone.

Kumwera nako mbeu inamera mwa mtundu wina. Ku Zimbabwe magitala a ku Congo ndi a ku Kenya anabala sungura, dzina la Ciswahili lotanthauza kalulu. Ena mwa akatswiri ake, monga Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, anakulira m'mabanja a anthu olankhula Cicewa amene anapita kukagwira nchito m'mapulazi a kumeneko, ndipo nyimbo zao zina anaziimba m'cinenero cathu. Ndiye cifukwa cake m'minibasi ya ku Chipata sungura imveka ngati ya pakhomo.

Tibwerere pansi pa mango

Acinyamata a kwaya akadadziwa mbiri, akadakhala ndi poimira. Mu 1958, ku Kamina m'dziko la Congo, wansembe Guido Haazen ndi kwaya ya anyamata anaimba koyamba Missa Luba, Misa ya m'Cilatini yoimbidwa ndi ng'oma ndi maimbidwe a Aluba, msonkhano waukulu wa Vatican II usanatsegule khomo la zinenero ndi zoimbira za eni dziko. Kadinala Malula yemwe uja anamenyera nkhondo kuti Akristu a ku Congo apembedze monga anthu a mu Africa, ndipo mu 1988 Rome inabvomereza mwambo wa Misa wa madayosizi a Zaire, mmene muli kubvina polowa ndi popereka mphatso, ndiponso kuitana oyera pamodzi ndi makolo a mtima wolungama. Papa Francis anacita Misa ya mwambo umenewu m'chalichi ca Petro Woyera ku Rome pa 1 December 2019, ndiponso ku Kinshasa pa 1 February 2023. Kubvina pa copereka si chimo, ndipo kunena kuti cinthu ndi ca ku Zaire sikutsutsa kanthu.

Koma akulu naonso ali ndi mfundo, ngakhale anainena molakwika. Kubvina kwa mu Misa ya ku Congo ndi kwa mapewa ndi mapazi, kodekha, kwa anthu opita kukaonekera kwa mfumu. Sebene inapangidwira nchito ina. Inapangidwa kuti mau aleke ndipo thupi lilankhule, ndipo ku Paris anaidula dala kuti munthu asafunike kumva ciliconse. Nyimbo ya m'chalichi ikafika poti nkhalamba ya kumbuyo siimva mau, ndipo sitha kuyankha, ndiye kuti pemphero lasanduka cionetsero. Ine bvuto langa si Congo. Bvuto langa ndi kabokosi kaja. Ku Kinshasa sebene ailiza anthu anai kapena asanu omverana, aliyense ndi luso lake. Pa parishi yathu ailiza ndi cala cimodzi, kucokera m'makina opangidwa kutsidya kwa nyanja, ndipo kwaya ya ku Lundazi imveka cimodzi-modzi ndi ya ku Mongu. Magetsi a sola akatha pakati pa nyimbo, kwaya iima, cifukwa palibenso mnyamata wodziwa kugwira mbalule.

Mu December 2021 bungwe la UNESCO linaika rumba ya maiko awiri a Congo pa mndandanda wa cuma ca cikhalidwe ca anthu onse. Pa mndandanda womwewo pali Gule Wamkulu wathu, ndipo mu 2022 panalowanso kalela. Anthu a ku Congo anafika pamenepo cifukwa anatenga ca mlendo ca ku Cuba nacisula mpaka cinalankhula cinenero cao. Nashil Pichen anacita comweco, a kalindula anacita comweco. Kwaya zathu zambiri zikali pa siteji ya oimba oyamba aja a ku Léopoldville, otsanzira Cisipanishi cimene sacimva.

Bungwe la parishi ija linakumananso patapita masabata awiri, Bambo Mfumu ali pomwepo. Anagwirizana kuti kiyibodi ikhale, koma izilira motsatira oimba, osati oimba kuithamangira, ndipo kuti nyimbo za kupepesa ndi za mgonero ziziimbidwa ndi ng'oma ndi visekese monga kale. Acinyamata awiri sanakondwe ndipo sanabwerenso ku maphunziro a kwaya. Atapita kukatenga ng'oma m'cipinda cosungiramo katundu, anapeza kuti ziwiri mwa zitatu zinadyedwa ndi makoswe. Mkulu uja wa ku Migodi walonjeza cikumba ca ng'ombe akagulitsa cimanga cake, ndipo akuti adzaphunzitsa yekha anyamata kukunga, Ciweru ciliconse masana.